Kusankha zimbale za disc golf

Kusankha zimbale za disc golf ndi ntchito imene wosewera amagwira asananyamuke kupita kubwalo, yoona zimbale zoti aike m'chikwama ndi zoti asiye kunyumba. Disc golf ndi masewera ofanana ndi gofu, koma m'malo momenya kampira ndi ndodo, munthu amaponya chimbale cha pulasitiki kuchokera pamalo oyambira mpaka chikalowe m'dengu lachitsulo lokhala ndi matcheni. Bwalo limakhala ndi madengu 9 kapena 18, ndipo wopambana ndi amene wamaliza madengu onse ataponya maulendo ochepa kuposa anzake.

Zimbale za masewerawa zimaoneka ngati zofanana, koma siziuluka mofanana. China chimapita kutali, china chimangowongoka, china chimakhotera kumanzere ngakhale kukuwomba mphepo, ndipo china chimatera pang'onopang'ono osagubuduka. Mfundo yaikulu posankha ndi yakuti chimbale chilichonse m'chikwama chikhale ndi ntchito yakeyake, komanso chigwirizane ndi mphamvu ya mkono wa mwiniwake ndi malo amene akukasewerako. Kuchuluka kwa zimbale pakokha sikupangitsa munthu kusewera bwino.

Mbiri

Mu 1957 kampani ya Wham-O ya ku California, m'dziko la America, inagula ufulu wopanga chimbale choponyerana chimene anakonza Walter Frederick Morrison, ndipo pasanapite nthawi inachipatsa dzina lakuti Frisbee. Anthu oyamba kusewera gofu ndi chimbalechi ankalasa mitengo, mapolo a magetsi ndi migolo ya zinyalala. Nthawi imeneyo nkhani yosankha inali yochepa, chifukwa chimbale chimodzi chinkagwira ntchito zonse.

Ed Headrick, yemwe ankagwira ntchito ku Wham-O, anakhazikitsa bwalo loyamba lokhazikika ku Oak Grove Park, mumzinda wa Pasadena, mu 1975. Mu 1976 anayambitsa bungwe la Professional Disc Golf Association, lomwe mwachidule limatchedwa PDGA, ndipo ndi iyenso amene anakonza dengu la matcheni. Mpikisano woyamba wa dziko lonse wa bungweli unachitika mu 1982.

Zinthu zinasintha kwambiri mu 1983, pamene Dave Dunipace ndi anzake anayambitsa kampani ya Innova ndi kutulutsa chimbale chotchedwa Eagle. Chimbalechi chinali ndi mkombero wosongoka, wodula mpweya bwino kuposa wa Frisbee, ndipo chinkapita kutali. Kuchokera pamenepo makampani anayamba kupanga zimbale zosiyana malinga ndi ntchito. Ena mwa makampani odziwika ndi Innova, Discraft ndi MVP a ku America, Latitude 64 ndi Kastaplast a ku Sweden, komanso Discmania yomwe inayambira ku Finland. Masiku ano mitundu ya zimbale imene PDGA inavomereza ndi yoposa 1,000.

Masewerawa ndi otchuka kwambiri ku America, Canada, Finland, Sweden ndi Estonia. Ku Africa akukula pang'onopang'ono. Bungwe la Paul McBeth Foundation, lomwe anayambitsa katswiri wa ku America Paul McBeth, lathandiza kukhazikitsa mabwalo m'mayiko monga Uganda, ndipo ku Zambia kuli bwalo ku Macha, m'chigawo cha kummwera.

Malamulo okhudza zimbale

Pa gofu wamba, monga amene amaseweredwa pabwalo la Kasasa ku Dwangwa, wosewera saloledwa kunyamula ndodo zoposa 14. Pa disc golf palibe malire otere. Munthu akhoza kulowa mumpikisano ndi chimbale chimodzi, ndipo wina akhoza kubwera ndi zimbale 30. Komabe chimbale chilichonse chogwiritsidwa ntchito pa mpikisano wa PDGA chiyenera kukwaniritsa izi:

- Chikhale cha mtundu umene PDGA inauyesa ndi kuuvomereza.
- Kukula kwake kuchokera mbali imodzi kukafika mbali ina kusachepere masentimita 21 ndiponso kusapitirire masentimita 30.
- Kulemera kwake kusapitirire magalamu 8.3 pa sentimita iliyonse ya kukula kwake, ndipo chisapitirire magalamu 200. Choncho chimbale cha masentimita 21.1 chimalekezera pa magalamu 175, pamene cha masentimita 21.7 chimalekezera pa magalamu 180.
- Mkombero wake usapitirire masentimita 2.6 m'lifupi.
- Chikhale ndi chizindikiro cha mwiniwake, monga dzina lolembedwa ndi inki yosafufutika.
- Chisakhale chong'aluka kapena chobooka.

Malamulo ena awiri amakhudzanso kasankhidwe ka zimbale. Chimbale chikasowa, gulu lonse limachifunafuna kwa mphindi 3. Chikapanda kupezeka, mwiniwake amawonjezeredwa kuponya kumodzi ngati chilango ndipo amakaponyanso pamene anaponyera poyamba. Chimbale chikagwera kunja kwa malire a bwalo, monga m'madzi, pamakhalanso chilango cha kuponya kumodzi. N'chifukwa chake chimbale chimene munthu amachilamulira bwino chimapindulitsa kuposa chimene chimangopita kutali.

Mitundu inayi ya zimbale

Zimbale zimagawidwa m'magulu anayi malinga ndi kapangidwe ka mkombero. Mayina a maguluwa amatchulidwa m'Chingerezi pafupifupi m'mayiko onse.

Putter ndi chimbale chakuya, cha mkombero wobulungira ndi wopapatiza, wa pafupifupi sentimita imodzi. Chimauluka pang'onopang'ono, chimawongoka, ndipo chikagunda matcheni chimagwera m'dengu. Ndicho chimbale chimene wosewera amachigwira kawirikawiri kuposa zina zonse, chifukwa dengu lililonse limathera pa kuponya kwa pafupi. Zitsanzo ndi Aviar ya Innova, Luna ya Discraft ndi Berg ya Kastaplast. Putter imathandizanso patali ndithu. Pa mpikisano wa dziko lonse wa 2021 ku Ogden, m'chigawo cha Utah, James Conrad analowetsa putter yotchedwa Envy m'dengu lomaliza ali pamtunda wa mamita pafupifupi 75. Kuponya kumeneko kunamufananitsa ndi Paul McBeth, ndipo atapikisananso awiriwo Conrad anatenga chikho.

Midrange ndi chimbale chapakati. Mkombero wake ndi wokulirapo pang'ono kuposa wa putter, ndipo chimagwira ntchito pa mtunda wapakatikati komanso podutsa pakati pa mitengo. Roc ya Innova ndi Buzzz ya Discraft ndi zina mwa zodziwika kwambiri.

Fairway driver ndi chimbale chophwatalala, cha mkombero wosongoka. Chimapita kutali kuposa midrange, koma munthu amathabe kuchiwongolera. Zitsanzo ndi Leopard ndi Teebird za Innova komanso River ya Latitude 64.

Distance driver ndi chimbale cha mkombero waukulu kwambiri, wa masentimita 2 kapena kuposerapo. Chinapangidwira kupita kutali, koma chimafuna mkono wothamanga. Destroyer ya Innova ndi chitsanzo chodziwika. Munthu wa mkono wosazolowera akachiponya, chimangokhotera kumbali n'kugwa msanga, mwinanso pafupi kuposa pamene midrange ikanafika.

Manambala anayi a pachimbale

Zimbale zambiri zimalembedwa manambala anayi osonyeza kaulukidwe kake. Njirayi inatchuka ndi kampani ya Innova, ndipo makampani ena anatengera. Kafotokozedwe kali m'munsika ndi ka munthu woponya ndi dzanja lamanja m'njira yotchedwa backhand, pamene kuseri kwa dzanja ndiko kumatsogola. Woponya ndi dzanja lamanzere, kapena woponya ndi lamanja m'njira ya forehand pamene chikhatho ndicho chimatsogola, atembenuze mbali zonse: pamene patchulidwa kumanzere awerenge kumanja.

Nambala yoyamba ndi speed, kuyambira 1 mpaka 14. Imasonyeza liwiro limene chimbale chimafuna kuti chiuluke monga anachipangira. Anthu ambiri oyamba kumene amaganiza kuti nambala yaikulu ndiye kuti chimbale chipita kutali, koma zimenezi zimatheka pokhapokha ngati mkono ukufikira liwirolo. Ma putter amakhala pa 1 mpaka 3, ma midrange pa 4 ndi 5, ma fairway driver pa 6 mpaka 8 kapena 9, ndipo ma distance driver amayambira pamenepo kukwera.

Nambala yachiwiri ndi glide, kuyambira 1 mpaka 7. Imasonyeza m'mene chimbale chimayandamira mumlengalenga. Glide yambiri imathandiza wa mkono wofooka kufika patali, koma mphepo imachitenga mosavuta chimbale chotere.

Nambala yachitatu ndi turn, kuyambira +1 mpaka -5. Imasonyeza m'mene chimbale chimapendekera kumanja chikadali pa liwiro, chitangochoka m'manja. Cha -4 chimapendeka kwambiri, cha 0 sichipendeka.

Nambala yachinayi ndi fade, kuyambira 0 mpaka 5. Imasonyeza m'mene chimbale chimakhotera kumanzere liwiro likamatha. Cha 0 chimatera chowongoka, cha 4 chimakhota mwamphamvu.

Turn ndi fade zikaphatikizidwa zimapereka khalidwe la chimbale. Chimene chimapendekera kumanja mosavuta chimatchedwa understable, chimene chimakana kupendeka n'kumathera kumanzere chimatchedwa overstable, ndipo cha pakati pa ziwirizi chimatchedwa stable. Manambala a zimbale zina zodziwika ndi awa:

- Aviar: 2, 3, 0, 1
- Zone: 4, 3, 0, 3
- Roc: 4, 4, 0, 3
- Buzzz: 5, 4, -1, 1
- Leopard: 6, 5, -2, 1
- Teebird: 7, 5, 0, 2
- Firebird: 9, 3, 0, 4
- Roadrunner: 9, 5, -4, 1
- Destroyer: 12, 5, -1, 3

Manambalawa saperekedwa ndi PDGA. Kampani iliyonse imalemba yokha pa zimbale zake, choncho zimbale ziwiri za makampani osiyana zikhoza kukhala ndi manambala ofanana koma n'kuuluka mosiyana. Amathandiza poyerekeza, koma chimbale chimadziwika bwino munthu akachiponya yekha kangapo pamalo oyera.

Kulemera ndi mtundu wa pulasitiki

Zimbale zambiri zimalemera pakati pa magalamu 150 ndi 180. Chopepuka chimafulumira kufika pa liwiro, choncho chimathandiza ana, okalamba ndi oyamba kumene. Chimapitanso kutali mphepo ikamachokera kumbuyo. Mu Malichi 2016, David Wiggins Jr. anaponya chimbale chopepuka mtunda wa mamita 338 ku Primm, m'chigawo cha Nevada, mothandizidwa ndi mphepo yamkuntho ya m'chipululu. Chimbale cholemera ndicho chimalimbana bwino ndi mphepo yochokera kutsogolo kapena m'mbali, ndipo osewera ambiri amasankha ma putter olemera pa chifukwa chimenechi.

Chimbale cha dzina limodzi chimapangidwa ndi mapulasitiki osiyanasiyana. Pulasitiki wamba, monga DX ya Innova, ndi wotsika mtengo ndipo amagwirika bwino ngakhale m'manja muli thukuta kapena madzi, koma amakumbika msanga akagunda mitengo ndi miyala. Pulasitiki wolimba, monga Champion ndi Star a Innova kapena Z ndi ESP a Discraft, ndi wodulirapo koma amakhalitsa, ndipo chimbale chimasunga kaulukidwe kake kwa nthawi yaitali.

Chimbale chikamatha, kawirikawiri chimayamba kupendekera kumanja kuposa pamene chinali chatsopano. Osewera odziwa amapezerapo mwayi pa zimenezi. Amanyamula zimbale ziwiri kapena zitatu za dzina limodzi, china chatsopano, china chogwiritsidwako ntchito, china chakutha ndithu. M'manja zonse zimamveka chimodzimodzi, koma china chimathera kumanzere, china chimawongoka, china chimapita kumanja. Ken Climo, yemwe anapambana mpikisano wa dziko lonse maulendo 12, ankadziwika ndi zimbale za Aviar, Roc ndi Teebird, ndipo Innova imagulitsa Aviar ndi Roc zolembedwa zilembo za dzina lake, KC.

Kayalidwe ka chikwama

Woyamba kumene safunika zimbale zambiri. Putter imodzi ndi midrange imodzi yowongoka n'zokwanira kuphunzirira, ndipo ena amayamba ndi chimbale chimodzi chokha. Makampani amagulitsa paketi ya zimbale zitatu ya oyamba kumene. Ya Innova imakhala ndi Aviar, Shark ndi Leopard. Ubwino wa zimbale zoyenda pang'onopang'ono ndi wakuti zimaonetsa poyera pamene munthu walakwitsa, monga kukweza mphuno ya chimbale kapena kupendeketsa dzanja, ndipo amaphunzira kukonza msanga. Distance driver imabisa zolakwikazi chifukwa nthawi zonse imangogwera kumanzere.

Wosewera akazolowera, amawonjezera zimbale poona mpata umene ulipo. Njira yodziwika ndi yokhala ndi zimbale zitatu pa gulu lililonse: chopita kumanja, chowongoka ndi chothera kumanzere. Chikwama cha zimbale 8 chikhoza kukhala chotere:

- ma putter awiri ofanana, olowetsera m'dengu;
- putter kapena midrange ya overstable, yoyandikirira dengu kukakhala mphepo;
- midrange yowongoka;
- midrange kapena fairway driver ya understable, yokhotera kumanja;
- fairway driver ya stable, yoponyera kutali tsiku lililonse;
- fairway driver ya overstable, yolimbana ndi mphepo komanso yoponyera forehand;
- driver imodzi yothamangirapo, ngati mkono ukuikwanitsa.

Vuto lofala ndi kunyamula zimbale zingapo zogwira ntchito imodzi. Munthu akakhala ndi ma midrange anayi owongoka a makampani osiyana, palibe ndi imodzi yomwe imene amaidziwa bwino, ndipo nthawi yoponya ikafika amayamba kukayikakayika. Osewera ena amayesa chikwama chawo motere: akasewera maulendo angapo, chimbale chimene sichinatuluke m'chikwama amachichotsa.

Akatswiri a m'mipikisano ikuluikulu amanyamula zimbale pafupifupi 20, koma zambiri zimakhala za mayina ochepa obwerezedwa. Amasinthanso chikwama malinga ndi bwalo. Pabwalo la m'nkhalango amachulukitsa ma putter, ma midrange ndi ma fairway driver, pomwe pabwalo lotambalala amawonjezera ma distance driver. Ambiri mwa iwo amakhala pa mgwirizano ndi kampani imodzi ndipo amaponya zimbale za kampaniyo. Mu 2021 Paul McBeth anasaina mgwirizano wa zaka 10 ndi Discraft wa ndalama zokwana madola 10 miliyoni. Wosewera wamba alibe chomumanga chotere, akhoza kusakaniza zimbale za makampani osiyanasiyana.

Mphepo ndi kukwera kwa malo

Chimbale chimauluka malinga ndi liwiro la mpweya wodutsa pa icho. Mphepo ikamachokera kutsogolo, mpweyawo umathamanga kwambiri, ndipo chimbale chimakhala ngati chaponyedwa ndi mkono wamphamvu: chimakwera n'kupendekera kumanja. Apa pamafunika chimbale cholemera cha overstable, choponyedwa motsika. Mphepo ikamachokera kumbuyo, zimatembenuka: chimbale chimatsika msanga n'kukhotera kumanzere, choncho pamafunika cha understable, cha glide yambiri, choponyedwa mokwererapo.

Mphepo ya m'mbali imadalira mbali ya chimbale imene yaonekera. Ikalowa kunsi kwa chimbale chopendeka imachinyamula n'kupita nacho kutali ndi kumene chimalunjika. Ikawomba pamwamba pake imachikanikizira pansi.

Kukwera kwa malo kumasinthanso zinthu. Kumalo okwera mpweya ndi wopepuka, ndipo zimbale zimakhala ngati za overstable. Kumalo otsika mpweya ndi wolemererapo, ndipo zimbale zimayandama bwino ndi kupendekera kumanja mosavuta. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere, Lilongwe ili pa mamita oposa 1,000, ndipo mapiri a Nyika amapitirira mamita 2,000. Chimbale chimene chimawongoka ku Nyika chikhoza kupendekera kumanja pang'ono chikaponyedwa kunyanja.

Kusankha zimbale pagombe la Nkhotakota

Gombe la Nkhotakota lili kumadzulo kwa Nyanja ya Malawi ndipo linatambalala kuchokera kummwera kupita kumpoto, motsatana ndi msewu wa M5. Malo otere amasonyeza bwino m'mene mphepo, madzi, mchenga ndi anthu zimasinthira kasankhidwe ka zimbale.

Mphepo yaikulu m'derali ndi mwera, yomwe imachokera kummwera chakummawa m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Ndi mphepo yomweyi imene imautsa mafunde aakulu n'kulepheretsa asodzi kulowa panyanja. M'nyengo ya mvula kumawomba mpoto, wochokera kumpoto. Munthu woponya cholunjika kummwera nthawi ya mwera amakumana ndi mphepo kutsogolo, ndipo nyanja imakhala kudzanja lake lamanzere. Chimbale cha overstable n'chimene chimapirira mphepoyo, koma chikaponyedwa mwa backhand ndi dzanja lamanja chimakathera kumanzere, komwe kuli madzi. Choncho woponyayo ayenera kulunjika chakumtunda kuti chimbale chikamakhota chikatere pamchenga, kapena aponye mwa forehand kuti chikathere kumanja. Polunjika kumpoto zinthu zimapepuka: mwera umakhala kumbuyo, nyanja imakhala kumanja, ndipo backhand imathera kumtunda. Nthawi ya mpoto mphepo ndiyo imatembenuka, koma mbali imene kuli madzi siisintha. Pa chifukwa chimenechi, chimbale chimodzi chimene munthu amachiponya bwino mwa forehand n'chofunika kwambiri pagombe.

Zimbale zambiri zimamira m'madzi. Zilipo zina zopangidwa kuti ziziyandama, monga Dragon, Hydra ndi Wahoo za Innova. Kwa amene alibe zoterezi, njira yodziwika ndi kusunga chimbale chakale cha pulasitiki wamba choponyera pafupi ndi madzi, kuti chikatayika pasakhale kudandaula kwambiri. Zimbale zambiri zimapangidwa ku America ndi ku Europe, choncho kwa wosewera wa ku Malawi chimbale chotayika sichibwezeretsedwa msanga. Ngakhale zili choncho, si malo onse amene munthu angalowe kukavuula chimbale. Mumtsinje wa Bua ndi m'thamanda la Chia muli ng'ona, ndipo m'madzi odekha a m'mabango mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Chimbale chogwera m'malo otere chimasiyidwa.

Mchenga uli ndi ubwino wake. Chimbale chikatera pamchenga wofewa chimaima pomwepo, sichidumpha kapena kugubuduka monga chimachitira panthaka youma ya m'chilimwe. Koma izi zikutanthauzanso kuti kuponya kodalira kudumpha kapena kugubuduka kwa chimbale sikugwira ntchito pagombe, ndipo zimbale zonyamulidwira ntchito imeneyo zikhoza kutsala. Mchenga umapalanso pulasitiki wamba pang'onopang'ono, ndipo miyendo simaponda molimba, choncho mtunda umachepa. Chimbale choyenda pang'onopang'ono, choponyedwa munthu ataima malo amodzi, chimalamulirika bwino kuposa driver yofuna kuthamangira.

Chakumtunda kwa gombe kuli mitengo ya mango, mikuyu, minda ya chinangwa ndi madimba a mpunga. Mtengo wa mango uli ndi masamba othithikana ndipo umagwira chimbale choponyedwa m'mwamba, choncho midrange yowongoka yodutsa pansi pa nthambi imathandiza kuposa driver. Maonekedwe a chimbale nawonso ndi ofunika. Choyera, chachikasu kapena choonekera mkati chimasowa pamchenga ndi pa udzu wouma, ndipo chobiriwira chimasowa m'munda nthawi ya dzinja. Cha pinki, cha buluu wowala kapena chofiira chimapezeka msanga mphindi 3 zija zisanathe.

Kutentha kumakula mu Okutobala ndi Novembala. M'manja mumachita thukuta, pulasitiki wosalala amaterera, ndipo chimbale chosiyidwa padzuwa kapena m'galimoto yotseka chimafewa n'kupindika. Kuyenda pamchenga ndi chikwama cholemera kumatopetsanso. Zimbale 20 za magalamu 175 zimalemera makilogalamu 3.5, osawerengera chikwama ndi madzi akumwa, pamene zimbale 6 zimangopitirira kilogalamu imodzi pang'ono.

Gombe ndi malo antchito. Asodzi amakocheza mabwato ndi kusoka maukonde, usipa umayanikidwa pamathandala, amayi amachapa ndi kutsuka, ndipo ana amasewera. Driver ili ndi mkombero wosongoka ndipo ikhoza kuvulaza munthu kwambiri ikamumenya kumaso kapena kumutu. Malamulo a PDGA amaletsa kuponya pamene chimbale chingapweteke munthu. Pamalo pamene anthu ali pafupi, putter ndi midrange ndizo zoyenera, ndipo ngakhale zimenezi zimaponyedwa pokhapokha njira ikayera. Kumene kulibe madengu achitsulo, osewera amalasa mtengo kapena polo, monga ankachitira oyambitsa masewerawa, ndipo putter yofewa siwononga khungwa la mtengo.

Potengera zonsezi, chikwama choyenera gombe lotere ndi chaching'ono, cha zimbale 5 kapena 6: putter yolemera, putter kapena midrange ya overstable ya nthawi ya mwera, midrange yowongoka, fairway driver ya understable ya mphepo yakumbuyo, fairway driver ya overstable ya forehand, ndi chimbale chakale kapena choyandama cha pafupi ndi madzi.

Zikwama ndi zina zonyamula

Zikwama zilipo za mitundu itatu. Chaching'ono chokoleka paphewa limodzi chimalowa zimbale pafupifupi 6 mpaka 10. Chobereka kumsana chimalowa 15 mpaka 25 ndipo chimakhala ndi matumba a madzi ndi zovala. Palinso ngolo yokoka ya matayala awiri, yomwe imayenda bwino pa kapinga koma imavuta pamchenga wofewa. Woyamba kumene akhoza kugwiritsa ntchito chikwama cha kusukulu, bola zimbale ziimirire chilili osapanikizika.

Kuwonjezera pa zimbale, osewera amanyamula kachimbale kakang'ono koika chizindikiro pamene chimbale chatera, komwe kukula kwake kumakhala pakati pa masentimita 7 ndi 15. Amanyamulanso kansalu kopukutira, madzi akumwa, chipewa, ndi pensulo kapena foni yolembera zotsatira.

Kasamalidwe

Chimbale chimatsukidwa ndi madzi ndi sopo wamba, kenako n'kupukutidwa. Chimasungidwa pamthunzi, popanda katundu wolemera pamwamba pake. Malamulo amalola kupala pang'ono ndi sandipepa pamene pakumbika kuti pasalale, koma salola kusintha maonekedwe a chimbale mwadala, monga kuchisema kapena kuchimata zinthu zochilemeretsa. Dzina lolembedwa kunsi limathandiza kuti wotola chimbale chotayika achibweze kwa mwiniwake, ndipo kubweza chimbale cha mnzako ndi mwambo umene osewera a m'mayiko ambiri amausunga.